Matayalawo Musatumize

Lachinayi, 21 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ife kuno tilipo, tikudzuka. Musadabwe kuti ndasiya foni n'kugwira cholembera ngati mwana wasukulu. Nkhani ndili nayoyi pafoni singatheke, chifukwa mukangoimba bambo amakhala ali chilili pambali panga, khutu lili tcheru, ndipo inu nomwe simulola munthu kumaliza zimene akunena. Pepala silidula munthu mawu. Ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, musathamangire kuimba mutangofika pakati.

Choyamba ndi ichi: matayala aakulu munanena aja musatumize. Ngati mwagula kale, bwezani kapena mugulitse komweko. Ndikudziwa kuti mwayamba kale kukwinya nkhope, koma dekhani, chifukwa chake ndi chimene ndikulemberachi.

Mukukumbuka mmene munaipezera pikapu ya bambo mutabwera chaka chatha. Inali itapendekera mbali imodzi, mbali yokhala wokwera, ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza ndi dzanja limodzi. Ana a mumsewu mwathu anali ataipatsa kale dzina loti Chipendeke, ndipo ikamadutsa ankaitsatira akutsimphina. Pamaso pa bambo simunanene kanthu, koma tili pageti munandinong'oneza kuti n'zochititsa manyazi kuti munthu amene watha moyo wake wonse akuwotcherera ndi kuwongola mageti a anthu aziyendera galimoto yokhota chonchi, ngati kuti alibe ana. Ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Nanenso zinkandidya, chifukwa kusaluni azimayi ankandifunsa uku ndikuwaluka kuti kodi galimoto yotsimphina ija ndi ya bambo ako, ndipo ine ndinkangowakoka tsitsi mwamphamvu pang'ono. Choncho musamve ngati ndikukuimbani mlandu. Nkhaniyi ndi ya tonse awiri, ndipo gawo langa ndiye lalikulu chifukwa ine ndimakhala pafupi.

Katundu munatumiza uja anafika bwinobwino: masipuling'i atsopano, mashokapu anayi, ndi timphira tija. Monga tinapanganira, tinadikira mpaka bambo atagonekedwa kuchipatala kukachotsa ng'ala ya m'diso, kuti adzangoona zitatheka. Ine ndinatsala ndi amayi, alamu anu n'kupita nayo kugalaja kwa makaniko uja anthu amamutcha Chimimba. Tsiku lomaliza nanenso ndinapita nawo kuti ndikakujambulireni zithunzi.

Apa ndiye pali chimene sindinakuuzeni. Chimimba anandiitanira pansi pa galimoto, ine n'kugwada pakatoni ndi siketi yanga yabwino, iye akuloza ndi sipanala.

"Asisi, galimotoyi sinatope yokha ayi," anatero. "Pa sipuling'i yakumbuyo mbali iyi pachotsedwa chitsulo chimodzi, ndipo bawuti yokwezera kutsogolo yamasulidwa. Amene anachita izi anachita dala, ndipo dzanja lake ndi laluso."

Ine ndi pakamwa pangapa ndinamuyankha kuti ayenera kuti ndi amakaniko apansi pa mtengo amene anawabera bambo chitsulocho, ndipo iye achite zimene tamutuma. Anangokweza mapewa. Kunena zoona, ntchito anaigwira mokoma. Ankayeza ndi tepi kuchokera pansi kufika pamwamba pa tayala, mbali zonse zinayi, n'kumanga bawuti pang'ono, n'kuinyutulanyutula galimotoyo ndi mimba yake ija, n'kuyezanso. Pomaliza anaika levulo ija ya amisiri omanga nyumba kumbuyo, kathovu ka m'kati mwake n'kukhala pakati penipeni. Anandionetsanso matayala a mbali yopendekera mmene anadyekera m'kati, nati chiwongolero chinkakokera kumbali ndipo tsiku lina pakona ikanawagwetsera bambo m'ngalande. Ndinabwerera kunyumba nditakhala kutsogolo, alamu anu akuyendetsa, ine ndikumva ngati bwana. Galimoto inali itakwera yonse, koma mbali ya wokwera ndiye inakwera kwambiri.

Bambo anabwera diso limodzi lili chimatire. Anaizungulira galimotoyo pang'onopang'ono, dzanja lili pa boneti. Atafika mbali ya wokwera anaima nthawi yaitali. Anatsegula chitseko, kuyang'ana mpando, kuyang'ana khonde, n'kutsekanso. Ine ndinkati akusirira. Kenako munaimba, ndipo munawamva nokha akuti galimoto yaima ngati msilikali, Mulungu akudalitseni. Inu munaseka mpaka foni kunjenjemera. Amayi anali pazenera akuyang'ana, osasekerera, koma poti chiyambire sitiroko ija nkhope yawo sionetsa zambiri, sindinaganize kanthu.

Mukudziwa mmene amayi alili. Mbali yakumanja inafa, mawu amatuluka limodzilimodzi, ndipo tsiku lawo limathera pa mpando wa matayala. Zonse amawachitira ndi bambo. Ine ndimapitako Loweruka kukachapa, kukolopa ndi kuwaluka, masiku enawa saluni sindingaisiye. Ndinkadziwa kuti Lachitatu amatuluka awiriwo, bambo ankati timakapitidwa mphepo. Koma achimwene, zaka zonsezi sindinadzifunsepo kuti nkhalamba yoonda ngati bambo imawakweza bwanji amayi m'galimoto. Inunso simunafunse. Tinkangomva kuti atuluka, n'kumati zili bwino.

Loweruka lotsatira ndinapeza kumbuyo kwa pikapu kutaunjikidwa zitsulo zakale, mageti othyoka, matumba a mchenga, zonse zitakankhiridwa mbali imodzi. Bambo anati akusonkhanitsa zokagulitsa kwa ogula zitsulo. Ndinawakalipira kuti awononga masipuling'i atsopano, iwo n'kuyankha motsitsa kuti masipuling'i amenewa sangawonongeke, ndi enieni. Ndinamva ngati akuyamikira.

Loweruka linalo, powasambitsa amayi, ndinaona chigamba chakuda pamkono wawo wabwino, kuchokera pachigongono mpaka paphewa. Bambo anati anagunda chitseko. Amayi anayang'ana kumbali. Kuchokera pamenepo anayamba kusiya chakudya m'mbale. Ndikafika ndinkawapeza atagona atayang'ana kukhoma, ndipo tsiku lina ndikutulutsa chipeso anandikankha dzanja, anthu amene kale ankandinyoza ndikachedwa kuwaluka. Ndinati mwina ndi mapilitsi atsopano. Inu mukaimba ndinkati onse ali bwino, poopa kukudetsani nkhawa muli kutali, koma mumtima ndinali ndi mantha kuti amayi ayamba kutsanzika.

Amene ananditsegula maso ndi a Mabatani. Simungawaiwale, mayi wamfupi uja wogulitsa mabatani ndi ulusi pamzere wa matelala pamene amayi anasoka zaka zonse zija. Anatulukira kusaluni Lachiwiri masana, osafuna n'kukhala pansi komwe, nandifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta zimene iwo sanauzidwe. Ndinati zovuta zanji. Ndiye anandifotokozera. Akuti Lachitatu lililonse masana Chipendeke inkaima patsogolo pa mzere wawo. Amayi sankatsika. Bambo ankangotsitsa zenera n'kupita kukakhala kusitolo ya zitsulo kuti azimayi amasuke. Anzawo aja ankabwera mmodzimmodzi ndi zosoka zawo n'kutsamira pazenera, amayi n'kumayendetsa chala pamsoko, kuloza zipi yokhota, kupukusa mutu pa kolala yosakhala bwino. Tiyi ankamwera pomwepo, miseche ya sabata yonse n'kuthera pazenera lomwelo. Tsopano papita milungu galimotoyo osaoneka, ndipo iwo anayamba kuopa.

Ndinangoti kakasi, chipeso chili m'manja. Mayi amene ndinkamuluka anachita kundikumbutsa kuti mutu wake udakali theka.

M'mawa mwake, Lachitatu, ndinatseka saluni dzuwa lili paliwombo n'kukwera minibasi. Pikapu ndinaipeza itaimikidwa kunja kwa geti. Kulowa m'kati, ndinaona bambo ali m'dzenje lalitali m'mbali mwa khonde, malaya atavula, nthiti zikuwerengeka, piki ili m'manja. Munthu amene adokotala anamuletsa fumbi ndi kunyamula zolemera! Pakhonde panali amayi pa mpando wawo, atavala diresi labuluu la kolala yoyera lija anasoka okha, nsapato zili kuphazi, kachikwama kali pamiyendo. Anali atavalira ulendo.

Ndinakuwa, sindibisa. Bambo anapukuta thukuta n'kunena kuti akukumba ngalande poti mvula yayandikira. Ndinawauza kuti ine ndinabadwira pakhomo pomwepa, ndipo madzi a pabwaloli amathamangira kuseri, sanayambe abwerapo kukhonde. Iwo anangoweramanso n'kupitiriza kukumba ngati ndine wailesi. Pamenepo amayi anamenya chogwirira cha mpando ndi dzanja lawo labwino.

"Muuzeni," anatero.

Bambo anatuluka m'dzenjemo, n'kulowa m'nyumba, n'kubwera ndi thabwa limene ndakhala ndikuliona kuseri kwa chitseko ndipo kangapo konse ndinatsala pang'ono kulitaya pokolopa. Ndi thabwa lalifupi, lopalidwa bwino, loterera chifukwa amalipaka polishi wapansi. Anakhala pamphepete pa khonde, thabwalo lili pamaondo, n'kundifotokozera osandiyang'ana.

Akuti amayi atatuluka m'chipatala nthawi ija, chimene chinkawaliza si dzanja kapena mwendo, koma kunyamulidwa. Ndiye bambo anaganiza zoti aziimika galimoto mogundizana ndi khonde, n'kuyala thabwa kuchokera pa mpando wa matayala kufika pa mpando wa galimoto, kuti amayi azidzikoka okha. Atayeza anapeza kuti mpando wa galimoto watalika ngati njerwa ziwiri zosanjikiza. Khonde sakanalikweza, chifukwa chitseko cha nyumba chimatsegukira kunja, ndiponso alibe mphamvu zokankhira mpando pachitunda. Choncho analowa pansi pa galimoto yawo n'kuitsitsa okha mbali imeneyo, pang'onopang'ono, akuyeza, mpaka mipando iwiriyo inafanana. Pamwamba pa chitseko anawotchererapo kachitsulo kogwira, kamene inu ndi ine tinkayesa n'kopachikapo jekete. Amayi ankagwira pamenepo n'kudzikoka pathabwa, bambo n'kungonyamula mwendo wakufawo.

"Amayi ako amakwera okha," anatero bambo. "Pa zonse zimene ankachita kale, chatsala ndi chimenechi."

Tsono ife titawongola galimoto, thabwa lija linasanduka phiri. Zitsulo ndi mchenga zija ankayesa kuipanikiza kuti itsike, koma masipuling'i anu sanamve n'komwe. Lachitatu lina anati tiyeni tingoyesa. Amayi anadzikoka mpaka pakati, dzanja n'kutopa, n'kutsetsereka chobwerera, thabwa n'kusuntha, iwo n'kugwera pampata wa pakati pa khonde ndi galimoto. Bambo analephera kuwadzutsa. Akuti anakhala nawo pansi pomwepo, mutu wa amayi uli pamwendo pawo, mpaka mphamvu zitabwerera zowakokera pakhonde. Aneba sanawaitane. Ali pansi pomwepo anapangana kuti ana asamve.

Achimwene, ndinalira ngati mwana. Ndinalira ndi chisoni, ndinaliranso ndi manyazi, chifukwa Chimimba anandiuza poyera ndipo ine ndinamutseka pakamwa. Paja amati safunsa anadya phula. Ifetu tinadya, koma amene anamva kuwawa ndi ena.

Nditapukuta misozi ndinayamba kulamula, monga mukundidziwira. Ndinati alamu anu azibwera Lachitatu lililonse pa nthawi yopuma kudzawanyamula amayi, ndi munthu wamphamvu, sizingamutengere nthawi. Amayi anandiyang'ana ndi diso lija ankatiyang'ana nalo tikaseweretsa makina awo.

"Sindine thumba," anatero.

Ndiye ndinati chabwino, mawa m'mamawa tibwerera kwa Chimimba akachotse chitsulo chimodzi n'kumasula bawuti, galimoto ibwerere mwakale. Apa ndiye bambo anadzutsa mutu.

"Mwana wanga wakhetsa thukuta m'dziko la eni akuganiza za bambo ake. Iye wawongola, ine ndikapindenso? Nthaka siikhumudwa. Ndikumba nthaka."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti inu si khanda, muli ndi imvi m'ndevu, akanangokuuzani pafoni nkhani ikanatha tsiku lomwelo, m'malo mosiya amayi akufota m'nyumba ndi iwo kudziphera diso. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya kundithera. Kenako anati ine ndimakudziwani ngati mchimwene, koma iwo amakudziwani ngati mwana. Akuti chiyambire muli wamng'ono, mukapatsa munthu chinthu mumachipereka ndi mtima wonse, ndipo wina akachibweza simukwiya, mumangokhala chete n'kudzipatula. Akuti muli kale kutali, safuna kuti mutalikirenso. Anaonjeza kuti musaone ngati mphatso yanu ndi yoipa. Pamsewu galimotoyo tsopano ikuyenda mokoma, salimbananso ndi chiwongolero, ndipo kale akamakhota amayi ali m'kati mtima unkakhala m'mwamba. Chovuta n'chapakhonde pokha, ndiye akonza pakhondepo.

Ndinavula nsapato, n'kutenga fosholo, n'kulowa m'dzenjemo. Zikhadabo zanga zimene makasitomala amazisirira zinathera pomwepo. Bambo ndinawalanda piki n'kuwakhazika pakhonde kuti azingoloza, koma mukuwadziwa, ndikangotembenuka ndinkawapeza alowanso. Pansi pake panali miyala ndi zidutswa za njerwa za nthawi yomanga nyumba, ndipo dzuwa linapendeka tisanafike ngakhale theka. Chimene chinandipweteka koposa tsiku limenelo si matuza. Ndi pamene ndinawakankha amayi kubwerera m'nyumba n'kuwavula diresi labuluu lija asanapite kulikonse. Bambo anandiuza kuti milungu yonseyi, Lachitatu likafika, amayi ankaumirira kuvala.

Loweruka alamu anu anabwera ndi wilibala, miyala ndi simenti. Poyamba anang'ung'udza kuti banja lathu lonse mitu yake ndi yofanana, anthu ena galimoto ikavuta amapita kugalaja, ife tikukumba bwalo. Koma anagwira ntchito mpaka msana kuwawa. Ndinamuimbiranso Chimimba kumufunsa kuti anaikweza motani mbali ija, ndipo atamva chifukwa chake anaseka mpaka kutsokomola. Lamulungu masana tinangoona watulukira ndi tepi yake, osaitanidwa. Anati chiyambire ntchito yake wakhala akulinganiza galimoto ndi nthaka, aka n'koyamba kulinganiza nthaka ndi galimoto. Iye ndi bambo anagwada limodzi akuyeza, kukangana ngati ana za kachidutswa kochepa ngati chala. Anasalaza polowera ndi potulukira kuti matayala azitsika mofatsa, n'kuika paipi pansi kuti madzi a mvula asamadikhe. Choncho bodza la bambo lasanduka zoona pang'ono, ngalandeyo ikuchotsadi madzi.

Kudikira kuti simenti iume kunali ngati kudikira mwana wobadwa. Bambo ankaithirira m'mawa ndi madzulo, n'kuthamangitsa nkhuku za aneba kuti zisapondepo. Amayi ankati akadzuka, awakankhire pakhonde akaone.

Dzulo ndiye linali tsiku lake. Ndinatsekanso saluni, makasitomala andikhululukire. Bambo analowetsa galimoto pang'onopang'ono, matayala a mbali ya khonde n'kutsikira m'ngalandemo, ndipo ndinaona Chipendeke wathu wakale akubwerera pamaso panga. Anatsegula chitseko, kuyala thabwa, n'kuikapo levulo yawo yakale. Kathovu kanakhala pakati. Ine ndinasendera kuti ndithandize, koma amayi ananditembenukira.

"Usandigwire."

Ndinaika manja kumbuyo n'kuluma mlomo. Anagwira kachitsulo kaja n'kuyamba kudzikoka. Milungu yogona ija inawadya mphamvu, moti ankasendera pang'onopang'ono. Atafika pakati pa thabwa, pamalo pomwe anagwera paja, anaima. Ankapuma mwamphamvu, maso atatseka. Bambo anali atagwada atanyamula mwendo, osawakankha, ngakhale ndinkaona mitsempha ya pakhosi pawo itaima. Ine mumtima ndinkangoti Ambuye, Ambuye. Kenako amayi anakokanso, n'kukokanso, mpaka anakhala pa mpando wa galimoto. Anakonza kolala yawo, n'kuika kachikwama pamiyendo, n'kuyang'ana kutsogolo ngati palibe chachitika. Bambo anatenga nthawi yaitali akupukuta thabwa limene linalibe fumbi.

Ine ndinakwera kumbuyo, poti kutsogolo malo ndi a anthu awiri. Galimoto itatuluka m'ngalandemo inawongoka, ndipo pamsewu inayenda itaima bwino mmene inu munkafunira. Ana a mumsewu anayang'ana n'kusowa choimba. Choncho ikakhala pakhomo ndi ya bambo, ikatuluka pageti ndi yanu.

Titafika pamzere wa matelala makina onse anaima. Azimayi anathamangira kugalimoto, koma panabuka vuto limene palibe analiganizira: zenera tsopano lili m'mwamba. A Mabatani ataima pambali pake, amayi ankangoona nsonga ya mpango wawo. Anayesa kunyanyamphira, osafika. Wina anathamanga kukabwereka kireti ya mabotolo kugolosale, a Mabatani n'kukwerapo atagwiridwa uku ndi uku, nkhope yawo n'kutulukira pazenera ali wefuwefu. Amayi anawayang'ana, n'kuyamba kuseka. Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika, ndipo mzere wonse unaseka nawo. Ine kuseka kwa amayi ndinali nditakuiwala mmene kumamvekera. Pasanapite nthawi mtsikana wina wophunzira kusoka anawapatsira siketi pazenera. Amayi anayendetsa chala pazipi, n'kumubwezera, n'kunena kuti aphwasule. Mtsikanayo anabwerera kumakina akumwetulira ngati wapatsidwa mphatso. Madzulo amayi anamaliza chakudya chonse m'mbale, n'kundiuza kuti Loweruka ndibwere ndi chipeso.

Tsopano mwamvetsa za matayala. Chimimba akuti aakulu munanenawo angaikwezenso galimoto ndi zala zitatu kapena zinayi. Mukatumiza, bambo adzawalandira ndi manja awiri, adzakuthokozani pafoni mpaka inu kusangalala, ndipo m'mawa mwake adzatenga piki. Adzakumba mpaka apeze madzi, koma sadzakuuzani. Diso lija linafiira ndi fumbi, ndinapita nawo kuchipatala ndipo adokotala anatikalipira tonse awiri. Akuti lichira ngati asiya zofukula nthaka. Panopa ndikulemba ndili pathebulo lakwathu, ndabwera kudzawathira mankhwala, chifukwa okha amathira patsaya.

Musadzimve mlandu, ndapota nanu. Munachita zimene mwana wokonda bambo ake amachita, ndipo galimotoyo inkafunikadi kukonza. Ndikudziwa kuti kutali kumapweteka, munthu umafuna kuti dzanja lako lifike pakhomo ngakhale thupi silingafike. Komanso musakhale chete n'kudzipatula monga akuopera bambo, chifukwa mukatero ndiye kuti ine ndalakwa kulemba. Muziimba monga mwa masiku onse. Zimene ndakuuzani m'kalatayi musawatchulire. Za matayala mungonena kuti mwasintha maganizo, ndipo mukadzabwera n'kuona ngalande m'mbali mwa khonde, iwo akadzati ndi ya madzi a mvula, inu mudzangovomera kuti anaganiza bwino.

Alamu anu akupereka moni, akuti msana wawo mudzaulipira ndi jekete lija munavala pachithunzi. Ana akuti amalume abwera liti. A Mabatani akuti moni, ndipo akuti kireti ija aigula ikhale yawoyawo. Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana, muwauze kuti azakhali awo amawasowa.

Bambo andiona ndikulemba ndipo afunsa kuti ndikulembera ndani. Nditawauza, anena kuti ndilembe mawu awo mmene alili, ndiye ndi awa: "Umuuze kuti galimoto ikuyenda bwino kwambiri, ndipo ndikuthokoza. Zinazo n'zapakhomo." Manja awo ali ndi matuza osapola, moti kapu ya tiyi akuigwira ndi nsonga za zala.

Iwo atatuluka kukatseka geti, amayi andikoka mkono wa bulauzi. Mawu awavuta, atenga nthawi, koma ndadikira mpaka atuluke. Akuti mukamadzabwera, mudzabwere Lachitatu. Ndawauza kuti inu mumabwera kumapeto kwa sabata pamene tonse tili pakhomo, Lachitatu n'lovuta. Apukusa mutu, n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Adzaone ndikukwera ndekha."

Ndalemba mmene anenera. Tsiku musankhe nokha, achimwene, koma musachedwe.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
uja wakusaluni.